Lamba wa Selamiki ku Kalingalinga

Lamba woyamba ndinamupha ndi chifundo.
A Nyendwa anamugula ku Kamwala Lachiwiri,
wofiira ngati dothi la kwathu ku Katete,
ndipo mtengo wake ananditchulira kawiri
kuti ulowe m'khutu, ukhazikike.
Ndiye ine, poopa ndalama za eni,
ndinkangomupatsa moni ndi chitsulo,
kumukhudza monyengerera
ngati wogogoda pakhomo pomwe ali ndi ngongole.

Pofika masana lamba anali atasalala,
akuwala ngati galasi la minibasi,
mpeni wa bambo wa butchala ku Mtendere
utapsa m'mphepete, utachita buluu.

A Nyendwa sanakalipe.
Anayendetsa chala pa lamba, n'kundionetsa chalacho:
chopanda ndi kachilonda komwe.
"Lekani, uyu si sandipepa wa akalipentala.
Timano take timanoleka pobenthuka.
Ukamumvera chisoni timabuntha, timangosisita,
ndipo chosisita chimawotcha.
Mpatse ntchito."

Ndinafunsa kuti makilo angati.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Sikelo ili ku Soweto kwa ogulitsa nyemba."

Anamanga lamba wina, n'kuima kumbuyo kwanga,
dzanja lawo la zala zinayi pamwamba pa langa.
Mphamvu sinachoke m'mkono ayi,
inachoka m'chiuno, thupi lonse kutsamira pang'ono
monga potsegula geti lomwe mahinjesi ake achita dzimbiri.
Mota inatsitsa mawu koma sinabuule.
Mbaliwali zinatalika, kukagwa patali
pafupi ndi mapazi a mayi wowotcha chimanga,
iye n'kutukwana osacheuka.
Chitsulo chinadyeka. Ndinachigwira: chofunda chabe.

M'mawa mwake ndinafika ndi nzeru zadzulo.
Ndinakanikiza ngati wokankha galimoto m'matope,
mota inatsamwa,
lamba anaduka pamsoko, phwa! pamalata,
agalu a kuseri n'kuyamba kuuwa.
"Ndinati mpatse ntchito,
sindinati mlipsire za abambo ako."

Malamba awiri andidula pa malipiro a mwezi uno.

Lero magetsi apita nthawi ya folotini.
Takhala pa mafelemu a mawindo osapenta,
a Nyendwa akuwodzera, chipewa pankhope,
fumbi la Ogasiti likulowa m'mano.
Mpeni wa ku Mtendere watsala mbali imodzi,
ndipo mwini wake waimba kale katatu.
Ine ndagwira bondo langa ndi manja onse awiri,
ndikanikiza, ndileka, ndikanikizanso,
kufunafuna kamalo kaja
kopapatiza ngati njira ya pakati pa nyumba za mukomboni,
komwe chitsulo chimavomera
mota isanalire.

Sindinakapeze bwinobwino.
Akuti magetsi abwera usiku.