Mitengo Yopanda Nthambi

Ku ofesi anandipatsa fomu ya mizere inayi:
dzina, malo, kutalika, chiwerengero.
Anandipatsanso Twaibu,
wa majombo osiyana, lakuda ndi lobiriwira,
kuti azinditsogolera.

Tinasiya msewu wa ku Kasungu mame asanaume,
phiri la Chipata litafunda mtambo kutsogolo kwathu.
Bwanga ziluma kumsana, kudutsa malaya.

Woyamba unaima wokha padambo,
wautali, wotupa pamimba.
Ndinayamba kufunafuna tsamba la buku.
"Tsekani," anatero. "Wapakati uyo ndi mvumo.
Nunkhizani pansi."
Chipatso chachikasu, chophwanyika, chodzaza nyerere,
fungo lotsekemera lofika mpaka kukhosi,
pambali pake phazi la njovu
lomwe mapazi anga onse awiri anakwanamo.
Ndinalemba: mvumo, umodzi.

Wachiwiri unandinamiza.
Masamba omwewo, ngati chikhatho chotambasula,
ndinalemba mvumo.
Iye anandigwira dzanja, nalitsitsa pa phesi.
Minga yakuda, yokhota ngati mbedza, inandilawa.
"Mgwalangwa salonjera ndi pakamwa."
Ndinafufuta ndi chala chamagazi,
banga lili pa fomupo mpaka lero.
Tchire lalifupi pansi pake ndi mlaza, ana ake,
ndipo ndinachita manyazi:
ndakulira pamkeka, ndapepeta, ndanyamula dengu,
osadziwa nkhope ya mayi wake wa zonsezo.

Kumtsinje, kanjedza.
Uyu ndinamudziwa ndekha,
ndinamugwedezapo kutchalitchi ndili ndi diresi loyera.
Koma kuno sanakhale wofatsa chotero:
anali m'gulu, asanu ndi awiri pa tsinde limodzi,
atatsamira madzi ngati anthu omvetsera miseche.
Ndilembe mmodzi kapena asanu ndi awiri?
Twaibu anakweza mapewa.
"Kwanu banja mumaliwerenga bwanji?"

Kenako nkhalango inatseka pamwamba.
Dzuwa linasanduka timadontho,
matope anameza jombo lobiriwira lija, tinalizula awiri.
Apo chiwale,
tsamba limodzi lotalika kuposa bwato,
zipatso zamamba, zonyezimira ngati zapakidwa vanishi,
zikulendewera m'mikoko yolemera.
Ndinati, koma ndiye chabereka!
Iye sanaseke.
"Chimabereka kamodzi. Chikatero chikutsanzika."
Tinaima pang'ono. Kutali nyani anakhosomola.

Pobwerera anandipatutsa njira osanena chifukwa.
Zitsa za migwalangwa, zodulidwa mutu,
zakuda, zobooka pakati, ngati mitondo yotayidwa.
Sanaziwerenge ndi chala. Anangoti, "Khumi ndi zitatu.
Ndinkagoma uchema pano, chaka cha njala chija.
Uwu unkadzaza chigubu usiku umodzi.
Uwu unalipira fizi ya Zainabu.
Uwu ndinamwa ndekha."
Ndinayang'ana fomu:
dzina, malo, kutalika, chiwerengero.
Mzere wa zimenezi panalibe.

Pafupi ndi chitsa chomaliza,
m'ndowe zakale za njovu zosanduka dothi,
katsamba kamodzi, kowongoka, kamizeremizere,
kotalika ngati pensulo yanga.
Ndinagwada, ndinatsegula buku, ndinatembenuza masamba onse.
Mvumo? Mgwalangwa?
Ali aang'ono onse amafanana ndi udzu.
Ndinati tikumbe tione njere.
Anaponda pafupi ndi dzanja langa, osati mwaukali,
nathyola nthambi ya minga, naitchinga pamwamba pake.

"Mudzabwere mvula zisanu zikapita.
Kadzanena kokha."

Madzulo, pa tochi ya foni, ndinakopera zonse bwinobwino.
Mvumo, mgwalangwa, kanjedza, chiwale.
Pansi penipeni ndinalemba malo,
ndinalemba kutalika,
ndinalemba kuti kamodzi.
Pa dzina ndinasiya poyera.
Chala chija chinali chikadawawa.