Wapansi Pansi pa Chilwa

Tinakumana pa depoti ya Zomba kusanache bwino,
anthu khumi ndi anayi a gulu loyenda Loweruka,
aliyense botolo la madzi m'manja, chipewa chatsopano kumutu.
Uthenga wa pa foni unkati: bwerani mudzaone chipululu
osadulitsa pasipoti.

Minibasi inatitula pa Kachulu.
Doko lilipo, koma madzi anasamuka osatsanzika.
Mabwato agona chammbali ngati ng'ombe zotopa,
ndipo Chisi, chilumba chija, chaima uko mwamanyazi
ngati munthu womulanda nsalu akusamba.

Wotitsogolera anali a Namakhwa,
nkhwaira za tayala kuphazi, nkhafi yothyoka m'malo mwa ndodo.
Moni wawo unali wachidule.
Anangoti, "Muziponda mmene ndapondamo,
nthaka iyi pena yauma pamwamba pokha."

Tinayenda.
Poyamba ming'alu yokhayokha, zidendene za m'chilimwe,
kenaka mchenga, milu milu,
womwe mwera wakhala akusesa osautaya.
Ukakwera mapazi awiri, limodzi umabweza.
A Likagwa a ku ofesi ya zamalo ankawerenga masitepe pa wotchi yawo
n'kumatilengezera ngati zigoli.
Kavuluvulu anatembenuza ambulera ya Asiyatu,
tinaseka mpaka mchenga kulowa m'mano.

Pa mulu wachitatu ndinasiya kuyankhula.
Lilime linasanduka chikopa.
Kutsogolo kunkanyezimira madzi, madzi ndithu,
tikafikapo n'kupeza fumbi ndi zigoba za nkhono.
Phiri la Zomba kumbuyo kwathu linali litachepa,
lotuwa, ngati la anthu ena.

Pa mulu waukulu panasuzumira mphuno ya bwato.
Penti inkawerengekabe: ZONSE NDI NTHA
zilembo zinazo mchenga unameza.
Tinathamangirako. Mafoni m'mwamba.
Wina anakhala pamphunopo kuyerekeza kupalasa,
wina akuti jambulanso, ndinaphethira.

A Namakhwa anaima poteropo atatsamira nkhafi.
Nditawapatsa madzi anamwa pang'ono,
otsalawo anathira pansi, dala, pang'onopang'ono,
nthaka n'kumeza osasiya banga.
"Pano," anatero, "nsungwi yanga sinkafika pansi.
Mng'ono wanga Dayitoni analowa pompano
chaka cha madzi ambiri, usiku,
matemba ali tho m'bwato.
Tinamufuna masiku anayi.
Lero ndimadutsapo wapansi, fumbi lili koboo,
inu n'kumandilipira."

Sananene mokwiya.
Ananena ngati munthu wotchula mtengo wa sopo.

Ndinakweza maso kuyesa kupeza
pamene madzi ankalekezera:
pamwamba pa chipewa changa,
pamwamba pa ambulera yothyoka ija,
pamwamba pa dzanja la wojambula.
Tonse khumi ndi anayi tinali titamira
uku tikumwetulira kamera.

Anzanga sanamve. Ine sindinawauze.
Ananditana kuti ndilowe m'chithunzi cha gulu
ndipo ndinalowa, chakumapeto,
phewa langa lokha ndilo likuoneka.

Pobwerera dzuwa linatikhala pamsana.
Madzi anatha, nthabwala zinatha,
Asiyatu anavula nsapato, anavalanso msangamsanga.
A Likagwa analengeza masitepe zikwi makumi awiri,
awiri atatu anawomba m'manja mofooka.
Mnyamata wa ku koleji anafunsa ngati nyanja idzabwerenso.
"Imabwera," anatero a Namakhwa osacheuka.
"Ikabwera mudzandipeze ndi bwato.
Mtengo wake ndi wina."

Ku Matawale ndinafika magetsi atazima.
Ndinakhala pakhonde kugogoda nsapato pa simenti:
mchenga wodzaza chikhatho,
kachigoba ka nkhono kosasweka,
kaminga ka mlamba.
Mwana wanga anabwera ndi tochi ya foni,
anaunika kamuluko, anandiunika kumaso,
"Adadi, chipululu chinali bwanji?"

Ndinati, n'chakuya.