Gawo Lachisanu ndi Chiwiri

Pomwe akumetera anthu apa, pa M'baluku,
panali Mgwalangwa, kampani ya anthu atatu
ndi kompyuta imodzi yotsokomola fumbi.

Twaibu ankajambula mbuzi.
Asiyatu ankaziphunzitsa kudumphira mumsewu.
Ine ndinkawotcha masidi.

Gemu yathu: wakabaza awoloke mlatho wa Shire
atakweza mayi wa dengu la mazira.

Tinagulitsa makumi anayi okha
koma Mangochi yonse inasewera,
kupatsirana pa memori ngati chimfine.
Lendi inatidya, kuzimazima kwa magetsi kunatitsiriza.
Twaibu ali ku Joni, sayankha.

Dzulo kamnyamata pa depoti kanandifunsa
bwanji gawo lachisanu ndi chiwiri limangouma.

Wakabaza uja akadali pakati pa mlatho, mwanawe.
Mazira sanasweke.
Tsidya linalo sitinalijambule.