Thabwa Lachisanu ndi Chimodzi

Ndinakagula kwa Msomali wa ku Mayfair, marandi zana ndi makumi awiri,
kabokosi kotuwa, kachikasu m'mbali ngati mano a wosuta fodya,
ndi katiriji imodzi yomatuka chizindikiro.
Anati uzikauzira mpweya kaye, nkakale kuposa iwe.
Ananama. Ndinayang'ana kunsi kwake,
tinabadwa chaka chimodzi.

M'menemo muli kamunthu konyamula nyali, kopanda pakamwa.
Miyoyo itatu basi.
Kakafa kachitatu ubwerera pageti penipeni
ngati sunalowemo.
Palibe chosunga,
palibe wokumbukira kuti dzulo unafika patali.

Ndimaweruka sikisi m'mawa ku ulonda wa ku Fordsburg,
takisi ya pa Bree, nkutsika ku Yeoville,
chipinda cha anthu atatu, katani pakati.
Jafali akamamanga nsapato kupita kokasoka
ine ndili chogwada, kulumikiza mawaya.
Mawu ndimatsekeratu kuti Lameki asadzuke.
Nyimbo yake imalira yokha m'mutu,
ngakhale kutchalitchi.

Gawo loyamba ndimadutsa maso ali pa ketulo.
Lachitatu, la mileme, ndinaliphunzira mu Juni
zala zitauma gwa ndi chisanu cha Joni,
ndikuziwotha pa chiwaya pakati pa imfa ndi imfa.
Koma lachisanu ndi chiwiri, abale!
Mlatho uja.
Matabwa asanu ndi anayi, ogwa ukangoponda,
ndipo pa lachisanu ndi chimodzi pamatulukira mbalame
kuchokera kumanzere, komwe maso sali.

Lumpha, lumpha, dikira,
kupuma kumodzi, osati kuwiri,
werama.
Ndafapo ka mazana atatu makumi anayi ndi kawiri.
Ndimalemba timizere kuseri kwa risiti ya lendi.

Anaipanga ndani mbalame imeneyi?
Munthu wina, kutsidya kwa nyanja zingapo,
mwina anakalamba, mwina anamwalira,
koma anakhala pampando tsiku lina nkuganiza:
apa akhala atayamba kudzidalira, ndimuyikire apa.
Ndimamuda ngati mlamu wangongole.
Ndimafunanso nditamugulira tiyi.

Jafali amati, bambo athunthu a imvi m'ndevu,
mukamaliza akupatsani pepala lokhalira m'dziko muno?
Ndimangoseka.
Pamzere wa mapepala ndinaimapo zaka zinayi,
ndipo kumeneko mbalame imasintha kotulukira.
Yangayi ndi yankhanza koma siyinama,
imabwera pomwepo, nthawi yomweyo,
cholakwa chikakhala changa ndimachidziwa dzina.

Lachinayi lina ndinawoloka.
Thabwa lachisanu ndi chimodzi, lachisanu ndi chiwiri,
mtima uli thi thi thi pakhosi,
phazi linaponda nthaka ya tsidya,
ndinaona chitseko chofiira chomwe sindinachionepo,
miyoyo iwiri ili m'thumba,
ndiye magetsi, phethi.
Teni koloko, nthawi yawo, ndinaiwerenga dzulo lake nkuiwala.
Pagalasi panatsala kadontho koyera,
kanachepa, kanachepa, kanapita.
Ndinatukwana m'Chizulu chomwe sindinkadziwa kuti ndili nacho.
Lameki anadzuka nkufunsa ngati kwabwera apolisi.

Tiyanjane pafoni, ali ku Balaka, giredi faivi:
Adadi, chinjoka chija mwachipha?
Mwanawe, sindinachione nkomwe.
Mwina kulibe chinjoka. Mwina kuseri kwa chitseko kuli mlatho wina.
Akuti ndikamabwera pa Disembala ndibwere nako,
andionetse mmene amalumphira anthu.

Chala chachikulu chamera chikanga.
Usiku pageti, magalimoto akatha mu Mint Road,
ndimadzipeza ndikudina batani la tochi,
kawiri, nkudikira,
kupuma kumodzi.
Galu wa pafakitale amayang'ana kuwala kukuphethira pakhoma
nkuyang'ananso ine.

Lero magetsi azima thwelofu.
Ndili ndi maola anayi ndi theka.
Ndazula katiriji, ndauzira, fuu,
fumbi la zaka makumi anayi lalowa m'mphuno.
Kamunthu kaima pageti ndi nyali yake,
sikakundidziwa.