Zitatu pa Tebulo la Twaibu

Ndalama ndinkasunga m'chitini cha mkaka,
miyezi isanu ndi itatu ndikupalasa kabaza
kuchoka pa Kamuzu Road kukafika kuchipatala,
dzuwa la Salima likuwotcha msana,
kumbuyo mayi ndi thumba la mpunga
amene anati yotsalayo ndidzapereka mawa.
Mawa lake silinafikebe.

Lero ndaima m'kashopu ka Twaibu kuseri kwa depoti,
kumene fumbi limalowa mpaka m'mano.
Wayala malaputopu atatu
ngati milu ya tomato.

Yoyamba yakuda, yolemera ngati njerwa ziwiri.
Iyi ndi njovu, akutero, magemu onse imameza.
Ndayatsa. Fani ikulira ngati chigayo cha dizilo,
pansi pake pakutentha moti ungasitire malaya.
Batire bwanji?
Akuti siimasiyana ndi chaja, ndi mwana wakubere.
Nanga magetsi akathima?
Twaibu akuwerenga malata kudenga.

Yachiwiri yasiliva, yopyapyala,
yokongola moti ndapukuta manja pa thalauza ndisanaigwire.
Ramu zinayi zokha, zomata, sungawonjezere.
Taikamo gemu ya mpira:
osewera akuyenda ngati ali m'matope a Febuluwale,
goloboyi akudumpha mpira utagona kale mu ukonde.
Ndaziona, mlongo wanga, waseka mpaka kugwira chitseko.

Iyetu sanadzere mpira.
Akufuna masamba asanu a intaneti atseguke pamodzi
popanda wina kukomoka:
fomu ya sukulu ya unamwino,
mndandanda wa mayina,
kalata imene walemba kanayi
pa foni yosweka galasi yomwe imamucheka chala.

Yachitatu ili ndi chipsera pangodya
ndi kachithunzi ka mwana wa dziko lina
kamene wina anamata, wina nalephera kumatula.
Ramu zisanu ndi zitatu,
mkati muli malo ena opanda kanthu
ngati chipinda choyembekezera mlendo.
Yayaka tisanamalize kufunsana za kunyumba.
Koma batani la A linagwa.

Ndaziona wati:
ndilemba bwanji dzina langa?
Ndilemba bwanji amayi, Salima, ndalama,
ndalandira, ndathokoza?
Chichewa chopanda A ndi nyumba yopanda khomo.

Twaibu watsegula kabati yodzaza mitembo ya makompyuta,
wazula A wa ina yomwe inafa ndi mphezi chaka chatha,
wamubzala pamenepo ndi kansonga ka sikuludilaiva.
Ndi woyera pakati pa anzake akuda,
ngati dzino latsopano.

Mpira uja tayesanso.
Ndatsitsa zonse zokongoletsa:
udzu wa bwalo wangokhala utoto wobiriwira,
nkhope za osewera zasalala ngati sopo,
ochemerera asanduka madontho.
Koma ndikaponya, mpira ukufika nthawi yake.
Ine nkhope zawo ndilibe nazo ntchito.

Tawerenga za m'chitini kawiri. Zaperewera.
Chotsani chikwama, ndatero.
Zikuperewerabe.
Chotsaninso mausi.
Twaibu wapuma mozama, wati mwandipha,
kwinaku akulemba lisiti
ndi lonjezo la masabata awiri, osati atatu.

Ndaikulunga m'chitenje cha Ndaziona,
iye wakhala kumbuyo ataifungatira.
Sindinapalasepo pang'onopang'ono chonchi,
dzenje lililonse ndikulipatsa ulemu.

Pangano linali lakuti masana yake, usiku yanga.
Koma tangofika, magetsi phethi!
Batire ikuti ola limodzi ndi mphindi makumi anayi,
ndipo fomu ikutsekedwa mawa.

Ndiye ndaima pawindo,
foni m'mwamba kusaka netiweki,
udzudzu ukundidya akakolo,
timu yanga ikudikira m'chipinda chovalira.
Kumbuyo kwanga ndikumva tayi, tayi, tayi,
ndipo batani loyera lija
ndi limene likulira kuposa onse.