Nkhosa ya Khutu Long'ambika

Anabwera m'mwezi umene dzuwa limakana kulowa,
magalimoto khumi ndi anayi, ali ndondondo mumsewu wa miyala,
n'kuima pakhomo pa Steinunn ngati pagwa maliro.
Mkulu wawo, wa chipewa chofiira, anatambasula manja
kuloza mchenga wakuda ndi phiri lofuka nthunzi.
"Apa m'pamene dziko linathera," anatero,
"kapena pamene linali lisanayambe. Tikaona pokonza."

Steinunn anati, "Apa m'pamene ndimayanika zovala."

Anamulipira kuti amasule chingwe chija,
achotse thirakitala ndi ndowa yabuluu,
nkhosa mazana awiri zikabisale kuseri kwa chitunda,
pakuti kudziko la kunyenyezi limene ankajambulalo
kulibe nyama yobzikula.
Mtengo wa magetsi anati akaufufuta ndi makina.
Mwana wake Torfi anam'lemba ntchito ya mtembo:
masiku atatu chafufumimba pa ndere yozizira,
malipiro oposa a mlungu wathunthu wokoka nsomba panyanja.

Kuno ku Ayisilandi tinazolowera.
M'mabuku ogulitsidwa pabwalo la ndege
mudzi ngati wathu, wa anthu makumi asanu ndi atatu,
umakwirira wophedwa chipale chikangogwa,
pomwe Hallur, wapolisi wathu,
mlandu wake waukulu chaka chatha
unali wa hatchi yodya maluwa a kutchalitchi.
Alendo amatsika basi buku lili m'manja,
amafunsa phanga la chiwanda,
ife timawalozera chimbudzi ndi kogula khofi.

Mdima wa miyezi utabwerera,
Steinunn anayendetsa galimoto maola awiri kupita m'tauni,
nagula tikiti, nakhala osavula jekete.
Chinsalu chinayera mbee.
Mnyamata wovala zitsulo anagwada pa mchenga uja
akulira kuti chilengedwere pano sipanapondepo chamoyo.
Oonera onse zii.

Koma mwala anatsamirawo
ndi umene unathyola mwendo wa malemu Bergur
chaka chimene udzu unaola usanaume.
Kamtsinje kodumphidwa ndi zilombo zamapiko
ndi komwe Torfi anataya nsapato ali ndi zaka zisanu,
nabwera kunyumba phazi lili bii, osalira.
Iye anayang'anayang'ana mtembo wa mwana wake pakati pa ina,
anauzindikira ndi chigongono.

Ndiyeno pakona, kumanzere, m'munsi mwa phiri,
kadontho koyera kanasuntha.
Kanaima. Kanaweramanso.
Inali ija ya khutu long'ambika,
yosamva galu, yosamva mluzu,
imene inasowa tsiku lokusa zinzake,
ili phee, kudya udzu wa kumathero a dziko,
makina onse aja osaiona.

Steinunn anaseka mpaka kutsokomola.
Wina kumbuyo anati, "Shii, mayi!"
Mayina atayamba kukwera pachinsalu anawawerenga onse,
ophika, onyamula nyale, wopesa tsitsi la mnyamata uja.
La nkhosa panalibe.

Kunja mphepo inali itasintha, ikuchokera kumpoto.
Anapala madzi oundana pagalasi ndi tikiti ija,
nakumbuka kuti chingwe sanachimangenso chichokereni alendo,
ndipo m'khola muli pakamwa mazana awiri
posadziwa kuti dziko linatha.