Mafuta Akasamuka

Tsiku la msika ndimapachika mbuzi pa Lizulu,
mutu pansi, pa mtanda wa bulugamu,
mphepo ya ku Mozambiki ikuwoloka msewu popanda chiphaso.
Zaka makumi atatu ndi zinayi mpeni uli m'manja.
Msinkhu wa mbuzi sindifunsa mwiniwake:
pakamwa pa wogulitsa, mbuzi iliyonse ndi ya chaka chatha.
Ndimangong'amba. Mafuta sanama.

Kamsoti ukakasenda, mafuta ali mbee pansi pa chikopa,
atayalidwa bwino ngati bulangete la mlendo.
Koma thadzi lobereka kasanu ndi kawiri,
chikopa chimakakamira nthiti, umachita kuchinyengerera,
nkumati iyi ndi mafupa okhaokha, ndaluza.
Tsegula mimba uone!
Impso zakwiririka, umazifukula ngati mbatata ya ku Tsangano,
matumbo avala mikanda yachikasu,
chiwindi chatuwa,
ndipo mnofu, umene unali wofiira psuu,
walowereredwa ndi timizere toyera tosaitanidwa.
Ngakhale fupa ukaliswa ndi chikwanje,
la mwana m'kati ndi lofiira,
la nkhalamba ladzaza nsenjere za mafuta.

Zonsezi ndinkazidziwa za mbuzi.

Chaka chino Nandau watenga buluku langa la ku tchalitchi
kukalikulitsa m'chiuno kwa telala,
pomwe miyendo ikusambira m'kati mwake.
Wotchi yatsetsereka kufika pachikhatho.
Masaya aja ankandinenera anzanga kuti ndikudya ndekha phindu
aphwa ngati mpira wa ana wogona padzuwa.
Koma sikelo ya pachipatala cha Ntcheu ikuti
makilo ndi omwe aja, sikisite thuu,
osachotsera, osawonjezera.

Dokotala wake mtsikana, Mayi Kachigamba,
msinkhu wa mwana wanga wachitatu.
Ananditsina pamkono, khungu linangotambasuka lokha.
Anandizunguliza tepi pamchombo, nalemba, osaseka.
Akuti, bambo, mafuta anu sanathe ayi, asamuka.
Achoka pakhonde pomwe ankakutchingirani mphepo,
alowa kuchipinda, akhalira chiwindi, atsamira mtima.
Akuti thupi la mnyamata ndi ng'anjo,
chimene waponyamo chimayaka;
likamakula moto umatsika, nkhuni nkumangounjikana,
zina mpaka kutsekereza khomo.

Ndinaseka ine, mpaka chifuwa.
Ndinati, adokotala, zimenezo mwawerenga zaka zingati?
Ine ndimazigulitsa pa kilo.

Koma pobwerera mu minibasi sindinayankhule.
Ndinakumbukira ndili mnyamata, Juni ali pakati,
ndikukankha njinga ya nkhumba kuchokera ku Mlangeni
malaya ali paphewa, thukuta likufuka nthunzi,
chiwaya chonse cha linunda ndekha,
m'mawa kudzuka mimba ili pamsana.
Lero majekete awiri, chipewa cha ubweya,
kuzizira kumandipezabe m'mawondo.
Mdzukulu wanga wa miyezi inayi, Tamvana,
ndikamugwira pakati pa mapewa ndi kambaula,
akuti makanda ali ndi mafuta awoawo otenthetsa thupi.
Anga amtundu umenewo ndinawasiya kuti?
Mwina m'mapiri a Chirobwe, mwina pa msewu womwewu.

Andiletsa chofukizira cha pachiwaya.
Andiuza ndiziyenda, ndizinyamula kanthu,
akatumba akagona mafuta amalowa ufumu.
Ndiye kabaza ndamusiya, anyamata akuti ndaumira.

Dzulo Fulatira wandigulitsa thadzi lakale,
mano atatha, msana ngati mpeni,
akulumbira kuti ndi la chaka chatha.
Sindinatsutse.
Ndalikoka pa chingwe makilomita anayi,
pachitunda cha pasukulu laima, nane ndaima,
tonse awiri wefuwefu, kuyang'anizana.
Ndalisisita m'nthiti, zala zikuwerenga,
ndikudziwa zimene ndikazipeze m'katimo.
Nalo landinunkhiza pamimba nthawi yaitali,
ngati likudziwa zanga.